Napolo si njoka, ndi dothi lokhuta madzi

Ambirife tinakula tikumva kuti phiri likagumuka ndiye kuti Napolo, chinjoka chokhala pansi pa nthaka, akusamuka kupita kunyanja. Agogo athu sanalote zimenezi. Mkukomo umamvekadi usiku, ndipo kukacha mumapeza mzere wofiira wokhotakhota kutsika phiri, ngati podutsa njoka.

Koma tsatirani ophunzira za miyala akamakwera phiri la Zomba ndi nyundo zawo. Chimene amayang'ana n'chosaoneka patali: dothi lochepa chabe lakhala pamwamba pa thanthwe lolimba la syenite, mwala umene unauma kuchokera ku chiphalaphala chamoto pansi pa dziko. Pa kwale paliponse pamene anasema phiri mungaone zomwezi, dothi pamwamba, mwala wofumbutuka pakati, thanthwe pansi.

Mvula ikagwa masiku angapo osakata, madzi amalowa m'dothi koma thanthwe limawakaniza. Amadzadza pamalire pomwepo, dothi limalemera, kugwirana kwake n'kutha. Kenaka chigamba chonse chimatsetsereka n'kugwera mumkhwawa, n'kukokolola mitengo ndi miyala ikuluikulu. Phokoso lija ndi miyalayo ikugundana.

N'chifukwa chake Napolo sabwera m'chilimwe. Ku Zomba mu Disembala 1946, ku Phalombe mu Malichi 1991 pamene phiri la Michesi linagumuka, ku Chilobwe pansi pa Soche mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe Freddy, konseko mvula yamphamvu ndiyo inayamba. Kudula mitengo ndi kumanga nyumba m'mikhwawa kumangoonjezera maliro.