Muli ndi shuga? Yezetsaninso mkodzo

Impso zikayamba kuwonongeka sizipweteka. Munthu wa matenda a shuga akhoza kuthyola tiyi tsiku lonse ku esiteti, mphamvu zili bwinobwino, pomwe timitsempha tosefa magazi mu impso zake tikutha pang'onopang'ono. Shuga akakhala wokwera kwa zaka zambiri, sefayo imabooka, ndipo mapuloteni oyenera kutsala m'magazi amayamba kutuluka ndi mkodzo.

Apa ndi pomwe mtima umalowa m'mavuto. Impso zofooka zimalephera kutaya mchere ndi madzi, BP imakwera, mtima n'kumapopa magazi movutikira. BP yokwerayo imabwereranso kukapweteka impso zomwezo. Ambiri a vutoli amagwa ndi matenda a mtima kapena sitiroko asanafike n'komwe pofuna makina osefa magazi, omwe kuno kumwera anthu amawatsata ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Choncho mapuloteni akapezeka mumkodzo, dziwani kuti mtima nawo uli pachiopsezo.

Musadikire zizindikiro. Mkodzo wa thovu losatha msanga, mapazi otupa moti mukadina chala pamatsala dzenje, nkhope yotupa m'mawa, befu pokwera kamtunda komwe kale munkakwera mukucheza: zimenezi zimabwera zinthu zitapita kale patali.

Mukapita kukatenga mankhwala ku chipatala cha boma cha Mulanje kapena Thyolo, ku Mulanje Mission, ku Malamulo kapena kufupi ndi kwanu, funsani za kuyeza mkodzo ndi magazi a impso, kamodzi pachaka. BP iziyezedwa ulendo uliwonse ndi kulembedwa m'buku lanu la kuchipatala. Ikamafika 140/90 kapena kuposa, kambiranani ndi adokotala. Mankhwala ngati enalapril amatsitsa BP komanso kuteteza impso, koma amayi oyembekezera sayenera kumwa.

Chodetsa nkhawa kwambiri ndi mankhwala opha ululu ogula pagolosale. Msana ukawawa pochoka kumunda, ambiri amathamangira brufen, diclofenac kapena indocid. Amenewa amalemetsa impso, makamaka thupi likataya madzi ndi thukuta. Chonde funsani kaye, ndipo zitsamba zomwe mukumwa muzitchulenso osachita manyazi.

Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa mu nsomba zouma zothira mchere. Fodya musiyiretu. Mankhwala a shuga musalekeze chifukwa choti mukupeza bwino, ndipo ngati muli pa ma ARV, pitirizani kumwa koma adokotala a shuga adziwe.