Mkaka umene umasintha mwana akamakula

Amene anagonapo ku Queens ndi mwana wobadwa masiku osakwana amaidziwa njira ya kangaroo: khanda pachifuwa, khungu kukhudzana ndi khungu, chitenje chomangidwa bwino. Ife ophunzitsa za kadyedwe timaitchula kawirikawiri, koma za mkaka wa nyama yeniyeniyo sitinena, chonsecho ndi pamene pagona nkhani.

Ku Australia kuli kanyama ka mtundu wa kangaroo kotchedwa tammar wallaby. Mimba yake sikwana ndi mwezi womwe, ndipo mwana amabadwa wosafika theka la gilamu, wopanda ubweya, maso asanatseguke. Amakwawira m'thumba la pamimba pa mayi n'kukakamira nsonga ya bere, osaisiya kwa masiku pafupifupi 100. Ntchito imene nsengwa imagwira mwa munthu, kuno amaimaliza ndi mkaka.

N'chifukwa chake mkakawo sukhala umodzimodzi. Poyamba umakhala wamadzimadzi, wa shuga wambiri koma mafuta ochepa, ndipo muli puloteni yotchedwa ELP. Pakati pa masiku 100 ndi 200, ELP imazimirira, ina yotchedwa WAP n'kuchuluka. Mwana akayamba kutuluka m'thumba n'kumadya udzu, mkaka umalemera ndi mafuta ndi mapuloteni, shuga n'kutsika, ndipo pamabwera mapuloteni a LLP. Mulinso timapuloteni topha mabakiteriya, pakuti kamwanako kamabadwa chitetezo cha m'thupi chisanakhwime, ndipo m'thumbamo si mwaukhondo ayi.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti mayi mmodzi amatha kuyamwitsa ana awiri osiyana misinkhu nthawi imodzi. Bere lina limatulutsa mkaka wa khanda, loyandikana nalo wa mkulu wake. Magazi ndi amodzi, chakudya cha mayi n'chimodzi, koma bere lililonse likuwerenga masiku ake. Akatswiri atasamutsira ana aang'ono kwa amayi oyamwitsa ana okulirapo, mkaka sunabwerere m'mbuyo. Anawo ndi amene anakula mofulumira.

Mwa munthu kusinthaku n'kochepa, koma kulipo. Mkaka woyamba wachikasu uja, umene ena amaufinyira pansi poyesa kuti ndi woipa, ndi wodzaza ndi mapuloteni oteteza ku matenda. Alimi a ng'ombe za mkaka ku Bvumbwe amadziwa kuti thole losayamwa chithuwi limadwaladwala. Ndipo mayi amene wabereka masiku osakwana, mkaka wake m'masabata oyamba umakhala ndi mapuloteni ochuluka kuposa wa mnzake wobereka pa nthawi yake. Choncho namwino akamakuumirizani kuti mufinye ngakhale timadontho tochepa m'kapu, amafuna mkaka wanu womwewo, wa tsiku limenelo.