Maphunziro a CPD: mayankho kwa aphunzitsi anzanga a ku Mangochi

Chaka chilichonse sukulu zikamatsegulira mu Seputembala, timalandira aphunzitsi atsopano ochokera ku makoleji, ena ku Machinga TTC, ena kutali. Sipapita mwezi asanamve mawu akuti CPD, ndipo mafunso awo amakhala omwewo amene anzawo anafunsa chaka chatha. Ndawasonkhanitsa pano. Ndikuyankha ngati mphunzitsi wa pulayimale amene wagwira choko mbali zonse za mlatho wa Bakili Muluzi.

Kodi CPD ndi chiyani? Si zomwe tinamaliza kale ku koleji?

Ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti Continuing Professional Development, kutanthauza maphunziro opitiriza kunola mphunzitsi amene ali kale pantchito. Ku koleji munaphunzira kuphunzitsa mongoyambira. Silabasi imasintha, mabuku amasintha, ndipo kalasi yanu yeniyeni siifanana ndi imene munkaiganizira polemba mayeso. Ambiri akamva CPD amangoganiza za wekishopu yokhala ndi fanta ndi kusayinira. Komatu mukakhala pansi aphunzitsi atatu a sitandade 2 n'kuthandizana mmene mungaphunzitsire kuchotsera kobwereka, imeneyonso ndi CPD.

Zinayamba liti, ndipo chifukwa chiyani zimadutsa ku TDC?

Muzu wake uli mu 1994, pamene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale. Ana anachuluka mwadzidzidzi, kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, ndipo boma linalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000 amene anali asanapite ku koleji. Anthu amenewa anafunika kuphunzitsidwa ali kale m'kalasi. Mu 1997 kunayamba pulogalamu ya MIITEP, yomwe inkawatengera ku koleji kwa kanthawi kenako n'kuwabwezera kusukulu kuti azipitiriza kuphunzira akugwira ntchito. Nthawi yomweyo dziko linagawidwa m'mazoni 315, ndipo zoni iliyonse inayenera kukhala ndi TDC, nyumba ya aphunzitsi yokumaniramo, ndi mlangizi wake amene timamutcha a PEA.

Ndiye mukaona kanyumba ka TDC pambali pa sukulu ina yaikulu m'zoni mwanu, dziwani kuti sanakamangire kusungiramo mabuku ndi kulandirirapo makalata okha. Anakamangira inu.

Amaitanitsa ndani, ndipo timakumana kuti?

Pali magawo angapo. Loyamba ndi la pasukulu, lomwe amakonza ahedi pamodzi ndi akulu a zigawo, ya ana ang'onoang'ono, ya pakati ndi ya akulu. Lachiwiri ndi la sukulu zoyandikana zikasonkhana pamodzi. Lachitatu ndi la pazoni, ku TDC, motsogozedwa ndi a PEA ndi aphunzitsi ena odziwa bwino phunzirolo. Kenako pali maphunziro a dziko lonse amene amabwera Unduna ukasintha chinthu chachikulu. Zinatero pamene silabasi ya PCAR inkalowa m'sukulu kuyambira 2007, zinateronso mu 2016 pamene inayamba ndondomeko ya kuwerenga ya NRP yothandizidwa ndi USAID.

Maphunziro a dziko lonsewa amatsika ngati madzi a mumtsinje. Akatswiri, ambiri a ku Malawi Institute of Education ku Domasi, amaphunzitsa kagulu kochepa. Kaguluko kamaphunzitsa a PEA ndi anzawo, iwowo n'kudzaphunzitsa ife. Vuto lake mwaliona kale: madzi akamafika kumunsi amakhala atasakanikirana ndi matope. Zimene anakambirana sabata yathunthu kumtunda zimadzatifika m'masiku awiri, ndipo mukafunsa funso lovuta mumamva kuti "ifenso anangotiuza choncho". Musamukwiyire wophunzitsayo, ndi mnzanu. Tsegulani buku la mphunzitsi muone nokha zomwe linanena.

Misonkhano ikuluikulu ya zamaphunziro imachitikira konkuno kunyanja. Bwanji ife a konkuno sitiitanidwa?

Funso limeneli limandiseketsa komanso limandipweteka. N'zoona, Mangochi ndi kwawo kwa misonkhano. Mukaima pamsewu wopita ku Monkey Bay muona magalimoto ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre akukhotera ku mahotela a m'mphepete mwa nyanja, ndipo m'katimo akukakamba za mwana amene ali m'kalasi mwanu. Mphunzitsi wa ku Makanjira kapena ku Katuli amangomvera pa wailesi.

Misonkhano yotereyi nthawi zambiri ndi ya opanga ndondomeko, akuluakulu a Unduna, mabungwe othandiza ndi aphunzitsi a m'makoleji. Ili ndi ntchito yake. Koma musaganize kuti kumeneko ndiye kuli nzeru zimene mukuzisowa. Ndinapitako kamodzi, m'malo mwa munthu amene anadwala. Chakudya chinali chabwino, zoyankhula zinali zambiri, ndipo ndinabwerako ndi chikwama ndi cholembera. Chimene chinasintha kaphunzitsidwe kanga ndinachipeza kwina, tsiku lomwe ndinakhala kumbuyo kwa kalasi ya mayi wina wachikulire n'kuona mmene ankakhazikira chete ana oposa 100 osakweza mawu ngakhale pang'ono, pongoyambitsa kanyimbo kamene ana onse ankadziwa kuti kakatha, maso ali pa bolodi.

Nanga alawansi?

Tisanamizane, ili ndilo funso loyamba m'mitima ya ambiri, ndipo sindikuweruza munthu. Malipiro ndi ochepa, kabaza sakwera ulere, ndipo pali sukulu zimene kuti ufike ku TDC nthawi ya dzinja uyenera kuvula nsapato. Maphunziro akakhala ndi bungwe lowalipirira, kawirikawiri pamakhala ya thiransipoti ndi ya nkhomaliro. CPD ya pasukulu nthawi zambiri ilibe kanthu, pokhapokha sukulu itaikapo kangachepe kuchokera ku thumba la SIG, ndalama zimene boma limapereka zotukulira sukulu. Funsani musananyamuke, ndipo musasayinire ndalama imene simunailandire m'manja.

Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti alawansi yatiphunzitsa kuyeza maphunziro ndi envelopu. Kukakhala kosayinira holo imadzaza, ngakhale ndi anthu amene phunzirolo sakuliphunzitsa. Kukakhala kopanda kanthu, aliyense ali ndi maliro kumudzi.

Amasankha bwanji opita? Kwathu amangopita omwewo.

Zoyenera n'zakuti apite amene akuphunzitsa kalasi kapena phunziro lomwe likukambidwa. Maphunziro a kuwerenga kwa sitandade 1 apite wa sitandade 1, osati wa sitandade 8 chifukwa choti amagwirizana ndi ahedi. Nkhaniyi muikambe pa msonkhano wa aphunzitsi teremu ikamayamba, kalata isanabwere, ndipo mugwirizane kuti pakhale kope lolembamo amene wapita, liti, kukaphunzira chiyani. Kope limathetsa manong'onong'o ambiri. Kwa ahedi ndingowonjezera kamodzi: musamadumphe aphunzitsi aakazi poganiza kuti ali ndi khanda. Afunseni eni ake.

Kodi n'zokakamiza? Ndikapanda kupita chingandichitikire n'chiyani?

Kale munthu ankatha kupuma pantchito atangodalira satifiketi yake ya ku koleji. Zinthu zikusintha. Lamulo la maphunziro la 2013 linakhazikitsa Teachers Council of Malawi, bungwe lolembetsa aphunzitsi ndi kuwapatsa chilolezo chophunzitsira. Mu 2018 Unduna unatulutsanso ndondomeko ya CPD ya aphunzitsi ndi ophunzitsa aphunzitsi, ndipo maganizo ake ndi akuti maphunzirowa aziwerengedwa pa ulendo wa mphunzitsi pantchito, asamangokhala ongodzipereka.

Kukwezedwa, kuchoka pa giredi ya PT4 kupita pa PT3 ndi kumtunda, kumadutsabe ku Teaching Service Commission, bungwe lolemba ndi kukweza aphunzitsi pantchito, ndi mafunso ake. Langizo langa ndi losavuta: gulani fayilo. Muziikamo satifiketi iliyonse, kalata yokuitanani, ndi tsamba limene mwalembapo tsiku, malo, mutu wa maphunziro ndi sayini ya ahedi kapena a PEA, ngakhale a pasukulu pomwe. Ndaona anthu akusakasaka mapepala usiku woti mawa akukayankha mafunso, ena chiswe chitadya kale.

Zomwe amatiphunzitsa sizigwirizana ndi kalasi yanga. Ana anga ambiri amayankhula Chiyao. Nditani?

Apa ndiye pagona nkhani kwa ife a ku Mangochi. Mabuku amalembedwa a dziko lonse, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Mu 1996 boma linanena kuti ana a sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, koma mabuku a Chiyao sanafike m'makalasi mwathu. Lamulo la 2013 linaikanso Chingerezi patsogolo ngati chiyankhulo chophunzitsira. Pamene akuluakulu akusinthasintha choncho, mwana wa ku Namwera amafika tsiku loyamba akudziwa kuti madzi ndi mesi, nkhuku ndi nguku, mbuzi ndi mbusi.

Onetsetsani mawu atatuwo. Chiyao chilibe liwu la z, ndipo sichitulutsa mpweya pa kh, ph ndi th monga Chichewa. Ndiye mukamaphunzitsa maliwu a malembo, mwana akalemba "mbusi" sikuti ndi wogona. Walemba ndendende zimene khutu lake lamva, kutanthauza kuti njira yanu yagwira, kwangotsala kumuphunzitsa liwu limene kwawo kulibe. Mphunzitsi wochokera ku Dedza kapena ku Mzimba sangazidziwe izi yekha, ndipo buku la mphunzitsi silingamufotokozere zonse. Angamuuze ndi mnzake wa pasukulu pompo amene anakulira ku Malindi. Safunsa anadya phula.

N'chifukwa chake ndimaumirira CPD ya pasukulu. Sankhani vuto limodzi lenileni, monga maliwu amene ana athu amawasokoneza. Mmodzi aphunzitse phunzirolo anzake akuonerera, kenako mukambirane chimene chayenda ndi chimene chakanika, popanda kunyozana. Sabata yotsatira wina ayesere m'kalasi mwake. Zipangizo musadikire za ku likulu, TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo pomwepo, tonse tinaphunzira: zigoba za nkhono za kunyanja zimawerengetsa bwino, makatoni amapanga makadi a malembo.

Palinso nkhani zina zathu zimene mlendo sangazibweretse m'chikwama. Anyamata amene amasowa m'kalasi usipa ukagwa. Ena amene mtima uli kale ku Joni chifukwa achimwene awo anabwerako ndi njinga yamoto. Ana amene amachedwa kubwerera kusukulu chifukwa cha zinamwali. Atsikana amene amatha mu sitandade 6. Tsiku lina la CPD itanani a komiti ya sukulu, amayi a mother group, ashehe kapena a mfumu, muwamvere. Mudzaphunzira zambiri kuposa pa filipi tchati.

Ife a ku sekondale zikutikhudza?

Kwambiri, ndipo chigawo chathu chili ndi mbiri yake. Pulogalamu ya SMASSE, yonola aphunzitsi a masamu ndi sayansi mothandizidwa ndi JICA ya ku Japan, inayesedwa koyamba mu 2004 m'chigawo cha maphunziro cha kum'mwera chakum'mawa, chomwe muli Mangochi, Machinga, Balaka ndi Zomba, isanafalikire dziko lonse. Mfundo yake inali yoti ophunzira azichita ndi manja, ngakhale pa CDSS, sekondale yoyendera ya m'dera, yopanda labu. Sukulu za sekondale zilinso m'magulu a sukulu zoyandikana, ndipo kwa mphunzitsi amene ali yekhayekha wa Physics pasukulu pake, kumeneko ndiye kopezera womufunsa.

Ndikapita ku maphunziro, ana atsala ndi yani?

Maphunziro aatali amayenera kuikidwa pa holide, a pasukulu akhale masana ana ataweruka. Zikavuta kuti agwere m'kati mwa teremu, siyirani mnzanu ntchito yolembedwa, osati kungouza monita kuti azilemba maina a olongolola. Okonza akumbukirenso kuti kuno Lachisanu masana ambiri amapita ku mzikiti, ndipo mwezi wa Ramadan si wokhazika anthu m'holo mpaka dzuwa kupendeka, makamaka kukatentha monga kumatenthera kuno.

Ndabwerako. Kenako?

Musanaiwale, pemphani ahedi mpata wofotokozera anzanu sabata yomweyo. Musawawerengere manotsi onse, palibe amene adzamvetsere. Tengani chinthu chimodzi, muchiphunzitse pamaso pawo ndi ana enieni. Buku limene mwapatsidwa si lanu lokasunga m'sutikesi, lisiyeni ku ofesi pamene aliyense angalipeze. Ndipo a PEA akadzabwera pa njinga yawo yamoto kudzaona makalasi, musathamangire kukabwereka sikimu ya mnzanu. Auzeni kuti njira ija ndaiyesa, apa yayenda, apa yandikanika, khalani kumbuyoko muone nokha.