Dzina loyamba pa mutu wa mlandu si la wopambana

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anthu kuno ku Dedza, makamaka pokambirana milandu ya malo, akunena kuti dzina limene limalembedwa koyamba pa mutu wa mlandu ndi la munthu amene anapambana. Bodza limeneli landitopetsa chifukwa limasocheretsa mabanja.

Zoona zake n'zakuti dzina loyamba limakhala la amene anakasuma ku khoti, ndipo lachiwiri, lotsatira chilembo cha "v", ndi la woyankha. Pa mlandu wa upandu, boma ndilo limalembedwa koyamba popeza ndilo limazenga mlanduwo. Nkhani ikapita ku apilo, wochita apiloyo kawirikawiri ndiye amayamba, chonsecho ndi iye amene sanakhutire ndi chigamulo cha khoti laling'ono. Nachonso chaka chimene chimatsagana ndi nambala ya mlandu chimasonyeza pamene mlanduwo unalembetsedwa, osati pamene unagamulidwa.

Wofuna kudziwa amene anapambana awerenge ndime zomaliza za chigamulo, kapena apite ndi nambala ya mlanduwo kwa kalaliki wa khoti akafunse. Chonde, musamauze ena kuti uje anapambana musanaone zimene woweruza analamula.