Musanaikidwe chitsulo m'chiuno kapena pabondo, yezetsani magazi msanga

Uthengawu, wochokera kwa ife ogwira ntchito kuchipatala, ukupita kwa anthu a m'boma lino la Mangochi amene adokotala awauza kuti mfundo ya m'chiuno kapena ya bondo inaperepeseka ndipo afunika opaleshoni, ija timangoti kuikidwa chitsulo. Inunso ana ndi adzukulu amene mumaperekeza odwalawa, nkhaniyi njanu.

Posachedwapa agogo ena ochokera cha ku Makanjira, amene bondo linawasiyitsa kale zokwera bwato, ataona jakisoni anabweza mkono n'kuubisa kumbuyo. Amvekere: "Mwanawe, magazi anga ngochepa kale, ndiye mufuna muwapopenso?" Anati abwera tsiku lina. Mpaka lero sitinawaone, chikhalirecho tsiku la opaleshoni likuyandikira.

Manthawa tikudziwa kumene anachokera. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinawanda ku Mulanje, Phalombe ndi maboma ena akummwera, anthu osalakwa mpaka kuphedwa. Koma agogo, amayi, abambo, timvereni: magazi amene timatenga poyeza ndi supuni ya tiyi imodzi kapena ziwiri, pamene munthu wamkulu ali ndi malita pafupifupi 5 m'thupi. Simungafooke nawo. Sapita kwina kulikonse, amathera mu labotale.

Opaleshoniyi imachitikira kutali, ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Chimene timaopa n'chakuti munthu atuluke bwinobwino, afike kwawo ku Namwera kapena ku Monkey Bay, kenako pasanathe masiku 30 kapena 90 agonekedwenso chifukwa bala latukusira, magazi aundana m'mwendo kapena impso zavuta. Magazi oyezedwa opaleshoni isanachitike amathandiza adokotala kudziwiratu amene ali pachiopsezo chachikulu, nthawi yokonza ikadalipo.

Zimene amayang'ana n'zochepa. Shuga: akakwera bala limachedwa kupola ndipo tizilombo timalowa mosavuta, ndiye pali kuyeza kotchedwa HbA1c kumene kumaonetsa mmene shuga wayendera pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Impso: ambiri ovutika ndi mafupa akhala akumwa Brufen, Indocid kapena diclofenac wogula pagolosale kwa zaka, ndipo mankhwalawa amatha kuwononga impso ndi kutukusa zilonda za m'mimba mwakachetechete. Albumin, puloteni wopezeka m'magazi: akatsika pansi pa 3.5, zikhoza kutanthauza kuti thupi likuperewera chakudya chomanga mnofu. Za HIV nazo amafunsa, koma musaganize kuti "kayezetseni magazi" ndi nkhani ya kachilombo yokha. Amene akumwa ma ARV mokhulupirika amachitidwa opaleshoniyi ngati wina aliyense.

Chachikulu kwa ife a kunyanja ndi kuchepa kwa magazi. Malinga ndi bungwe la WHO, mwamuna amene Hb yake (muyezo woonetsa ngati magazi ali okwanira m'thupi) ili pansi pa 13, kapena mayi wosayembekezera amene ili pansi pa 12, ndiye kuti magazi achepa. Kuno zochepetsa magazi tili nazo pakhomo penipeni: malungo, njoka za m'mimba, ndi likodzo limene timalitenga posamba, pochapa ndi pokoka khoka m'nyanja ya Malawi, ya Malombe ndi mumtsinje wa Shire. Ena akhala akukodza magazi kuyambira ali ana mpaka anazolowera, amangoti ndi mmene alili. Tsono opaleshoni ya chiuno kapena bondo imataya magazi ndithu. Munthu wolowa ali ndi ochepa ndi amene amafunika kuwonjezeredwa magazi a wina, amachedwa kudzuka pabedi, ndipo kawirikawiri ndi amene amabwerera kuchipatala. Ndiye agogo aja ponena kuti magazi awo ngochepa kale, anatchula okha chifukwa chenicheni choyezetsera. Ngati akuchepadi, tiwadziwe lero.

Tikuti lero chifukwa magazi sabwerera tsiku limodzi. Likodzo timachiza ndi praziquantel, malungo ndi LA, koma mapiritsi owonjezera magazi amafuna masabata angapo kuti ntchito yake ioneke. Shuga nayenso satsika usiku umodzi. Mukadikira kuti mukayezetse mutafika kale ku Blantyre, mungabwezedwe opaleshoni isanachitike, ndalama za minibasi ndi za woperekeza zitapita pachabe. Akangokupatsani tsiku, bwerani kuchipatala chanu pakadali mwezi umodzi kapena kuposerapo. Mutenge buku lanu la kuchipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale azitsamba. Musabise, sitikukalipirani. Pakali pano idyani usipa, utaka, mazira, nyemba ndi masamba monga bonongwe, koma chakudya chokha sichilowa m'malo mwa kuyezetsa.

Mukabwerako ku opaleshoni, mukaona bala likutuluka madzi kapena mafinya, thupi likutentha, katumba watupa n'kumapweteka, kapena mukubanika, musadikire tsiku limene analemba m'buku. Musapake chilichonse pabala, musatemere mphini. Pezani galimoto tsiku lomwelo, ndipo mukafika muwauze msanga anamwino kuti muli ndi chitsulo m'thupi.