Matenda a bipolar: akatuluka m'chipatala, ntchito yayamba kumene

Anthu ambiri amawadziwa matenda a bipolar pa nthawi imene wodwala watekeseka: sagona, amalankhula osapumira, ndalama ya lendi amaimwaza tsiku limodzi, mwina n'kuyamba kulalikira pamsika wa Limbe. Pamenepo abale amathamanga naye ku Gulupu, ndipo zikavuta amatumizidwa ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Koma pali mbali ina ya matendawa yomwe kwa odwala ambiri imatenga nthawi yaitali kuposa imeneyi, ndipo ilibe phokoso. Ndi kukhumudwa kwakukulu, komwe kumapita n'kubweranso.

Munthu amagona chigonere mpaka dzuwa kufika paliwombo. Kusamba kumamulemera, nsima amangoitsina kawiri n'kusamba m'manja, foni ikulira sayankha, ndipo mumtima amadziona ngati mtolo pabanja. Izi zimatha masabata, pena miyezi. Kunyumba ena amati ndi ulesi, ena amati "bola pano wadekha" poyerekeza ndi mmene analili asanagonekedwe. Ine m'pamene ndimada nkhawa kwambiri, chifukwa chiopsezo chodzipha chimakula pa nthawi yotere, komanso m'masabata oyamba munthu akangotuluka m'chipatala. Mukamumva akuti "bola ndikanangofa", mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Chotsani temeki ndi mankhwala a mbewu m'nyumba, mapilisi ake muzisunga inuyo, ndipo pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo.

Kubwereranso m'chipatala kachiwiri kapena kachitatu sikutanthauza kuti munthu walephera, kapena kuti wina anamulodza. Ndi chikhalidwe cha matendawa, ndipo si a kuno kokha: bungwe loona za umoyo la WHO linati mu 2019 anthu pafupifupi 40 miliyoni padziko lonse anali nawo. Chomwe tingathe n'kutalikitsa nthawi imene munthu ali bwino, ndi kugwira matenda akadali pachiyambi.

Chimene chimabweza ambiri ku wodi n'kusiya mankhwala. Munthu akakhala bwino miyezi ingapo amati wachira, kapena amatopa ndi kunenepa ndi kuwodzera komwe mankhwala ena amabweretsa. Madandaulo amenewa ndi enieni, ndipo adokotala atha kusintha mlingo kapena mtundu, koma muwauze m'malo mongosiya mwakachetechete. Mankhwala monga sodium valproate, carbamazepine ndi lithium ntchito yake n'kuteteza kuti matenda asabwerere, choncho amamwedwa ngakhale munthu ali bwinobwino. Aliwonse ali ndi zoyenera kusamala nazo. Valproate atha kuvulaza mwana ali m'mimba, ndiye mayi kapena mtsikana amene angatenge pakati akambirane ndi adokotala nthawi isanathe. Carbamazepine amachepetsa mphamvu ya mapilisi olera, ya kapulasitiki kolera koika pamkono ndiponso ya ma ARV ena, choncho onetsani buku lanu la kuchipatala kulikonse kumene mukulandira thandizo. Omwe akumwa lithium amayenera kuyezetsa magazi nthawi ndi nthawi, kumwa madzi okwanira makamaka kukatentha mu Okutobala, ndi kupewa kugula brufen mwachisawawa. Akayamba kutsegula m'mimba, kusanza, kunjenjemera kwambiri kapena kudzandira, athamangire ku chipatala.

Chinanso chimene ndimafuna aliyense achidziwe n'chakuti mankhwala a kukhumudwa monga amitriptyline ndi fluoxetine, akamwedwa paokha, atha kumutembenuzira munthu wa bipolar ku kutekeseka kuja. N'chifukwa chake mukapita ku chipatala muli okhumudwa, nenani kuti munakhalapo ndi nthawi yosagona ndi yotekeseka, ngakhale papita zaka.

Tulo musatione mopepuka. Kuchezera pamaliro, mapemphero a usiku wonse, ntchito ya ulonda kapena kuyamwitsa khanda usiku zitha kudzutsa matenda. Sindikuletsa munthu kupemphera kapena kulira m'bale wake, koma apite masana, usiku akagone, ndipo abale amumvetse. Mayi amene wangobereka kumene amafunika kumuyang'anira mwapadera m'masabata oyamba. Za chamba ndi kachasu sindichulutsa mawu: zimabweza matenda.

Munthu akakhala kuti ali bwino, khalani naye pansi mulembe kumapeto kwa buku la kuchipatala zizindikiro zimene zimayamba kuoneka kwa iyeyo. Wina amasiya kupita kukwaya, wina amadzuka 3 koloko m'bandakucha n'kulephera kugonanso, wina amangosiya kutsegula okala yake. Mulembenso amene ayenera kuuzidwa, ndi amene adzamuperekeze. Akagonekedwa ku Zomba, kamuoneni ngakhale mtengo wa minibasi ukupweteka, chifukwa wodwala amene abale sakumuyendera amabwerera kumudzi mtima uli wosweka kale.

Tsiku lotuluka, musachoke musanafunse dzina la mankhwala, mlingo wake, tsiku lobweranso ndi chipatala chapafupi komwe mungakawatengere. Mapilisi akatsala a sabata imodzi, yambani kufunafuna ena. Mukapeza kuti pamalo amodzi atha, funsani anamwino komwe mungawapeze kapena ngati adokotala angalembe ena olowa m'malo.