Yunivesite sitsekedwa ndi munthu m'modzi

Zaka zapita ndithu tikumva nkhani imodzimodzi m'maminibasi a ku Bvumbwe ndi Luchenza: akuti kukabuka zipolowe zandale, mkulu wa yunivesite amangodzuka n'kutseka sukulu pofuna kusangalatsa chipani. Yafika potopetsa.

Yunivesite yaboma imakhazikitsidwa ndi lamulo lochokera ku nyumba ya malamulo, ndipo lamulolo limagawa mphamvu. Khonsolo, bungwe lalikulu loyang'anira yunivesite, ndiyo imaona za ndondomeko, chuma ndi katundu. Zamaphunziro ndi mayeso zili m'manja mwa seneti, bungwe la akuluakulu a zamaphunziro payunivesitepo. Mkulu wa yunivesite, wachiwiri kwa chansala, amayendetsa zatsiku ndi tsiku ndipo amayankha kukhonsolo. Ndiye amaonekera polengeza, n'chifukwa chake mkwiyo wa makolo umagwera iye.

Sindikuti andale sakankha. Amakankha, ndipo akuluakulu ena amagonja. Koma zimenezo zimafuna umboni.

Chikalata chotsekera sukulu chikakufikani pa WhatsApp, onani tsiku, amene wasayina ndi amene akutchulidwa kuti wagamula. Fananizani ndi tsamba la yunivesiteyo, werengani lamulo lake pa intaneti, funsaninso atsogoleri a ophunzira. Ngati sizikugwirizana, musachitumize kugulu la abale kapena la mpingo.